Musanagule autoclave, yalani zida zanu patebulo

Autoclave ndi makina ophera tizilombo pa zida zachipatala pogwiritsa ntchito nthunzi yotentha kwambiri. Munthu akandifunsa kuti agule autoclave iti, sindifulumira kutchula makina. Ndimamupempha kuti atole zida zonse zimene amagwiritsa ntchito pa tsiku, aziyale patebulo, tizione chimodzichimodzi. Apa pali masizasi ndi mbaniro zozulira mano, zachitsulo chokhachokha, zopanda bowo. Apo pali timachubu toyamwira malovu ndi magazi. Pali handpiece, kamakina koboolera dzino kaja, kamene m'mimba mwake muli tinjira topyapyala todutsa madzi ndi mpweya. Pali nsalu zofunditsa wodwala pa opaleshoni, thonje ndi mabandeji. Yankho la funso lake lili patebulo pomwepo, chifukwa chida chilichonse chili ndi pamene mpweya umabisala, ndipo kusiyana kwakukulu kwa makinawa kwagona pa mmene amatulutsira mpweyawo.

Madzi owira pa madigiri 100 amapha tizilombo tambiri, koma mabakiteriya ena, monga oyambitsa kafumbata, amadzipanga timbewu tolimba timene timapirira kuwiritsa. Nthunzi ikatsekeredwa m'chotengera cholimba imatentha kupitirira pamenepo. Pulesha ikakwera ndi bar imodzi (bar ndi muyezo wa pulesha) pamwamba pa ya mpweya wakunja, kutentha kumafika madigiri 121. Ikakwera ndi ma bar awiri ndi pang'ono, kumafika 134. Charles Chamberland, yemwe ankagwira ntchito ndi Louis Pasteur ku Paris, anapanga makina otere mu 1879, ndipo mfundo yake idakali yomweyo. Nthunzi ikagunda chitsulo chozizira imasanduka timadontho, n'kutulira kutentha kwake konse pamalopo, ndipo chinyezi chotenthacho ndi chimene chimapha. Pa 121 pamafunika mphindi zosachepera 15, pa 134 mphindi 3. Komatu mphindizi zimagwira ntchito pokhapo pamene nthunzi yakhudza. Pamene patsala mpweya pamangokhala kutentha kouma, kumene kumafuna maola awiri pa madigiri 160 kuti kuchite zomwezo. Geji ikhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino, mkati mwa chubu tizilombo tili moyo.

## Zoyenera kuganizira musanaone makina

Choyamba ndi katundu amene mudzalowetsemo. Gawani zida zija m'milu inayi: zachitsulo zopanda bowo zimene mudzaziphike zili pamtunda, zimene mudzazikulunge m'timatumba kuti muzisunge, zabowo, ndi zansalu. Mulu woyamba nthunzi imaukhudza mbali zonse. Itatu yotsalayo imagwira mpweya. Pa nkhani ya kukulunga ambiri amaphonya chinthu chimodzi: chida chophikidwa chosakulunga chimayamba kulandira fumbi ndi tizilombo chitseko chikangotseguka, choncho chiyenera kugwira ntchito nthawi yomweyo. Earle Spaulding, katswiri wa tizilombo wa ku America, anagawa zida za kuchipatala m'magulu atatu: zolowa m'mnofu kapena m'magazi, zokhudza malo onyowa monga m'kamwa koma osaboola, ndi zokhudza khungu lokha. Mbaniro yozulira dzino ndi chogwirira singano yosokera bala zili m'gulu loyamba, ndipo ziyenera kufika m'manja mwa dokotala zilibe kachilombo ngakhale kamodzi. Ngati zidzagona m'kabati kudikira mawa, ziphikidwe zili m'kathumba, ndipo makina anu athe kulowetsa nthunzi m'kathumbamo ndi kukaumitsanso.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito. Werengani zida za tsiku limene benchi yodikirira imadzaza. Wogulitsa akati makina ake amaphika m'mphindi 4, akunena nthawi yokhala pa kutentha kwapamwamba yokha. Mufunseni nthawi yonse, kuyambira kutseka chitseko mpaka kutulutsa katundu wouma, makina atadzaza ndiponso atayamba ali ozizira. Kawirikawiri imakhala pakati pa theka la ola ndi ola lathunthu. Nthawi zina mzere wa odwala umatha pongogula zida zina zowonjezera, kuti zina zikamaphikidwa zina zikhale pa ntchito.

Chachitatu ndi magetsi ndi madzi. Autoclave yapatebulo imadya pafupifupi makilowati awiri ikamatenthetsa, ndipo magetsi akazima pakati pa ulendo, ulendowo wafa, muyenera kuyambiranso. Madzi a pampopi ali ndi mchere wosaoneka umene umatsalira ngati phulusa loyera pa chotenthetsera ndi m'mavalavu, ndipo umasiya timadontho ta dzimbiri pa zida. Muyezo wa ku Ulaya wa makina ang'onoang'ono, EN 13060, umalangiza madzi osapitirira 15 µS/cm pa kachipangizo koyezera mchere wa m'madzi, ndiye kuti madzi otcheza kapena ochotsedwa mchere. Kamakina kotchezera kapatebulo kamatenga maola pafupifupi 5 kuti katulutse malita 4. Kawerengereni limodzi ndi mtengo wa autoclave.

Chachinayi ndi mmisiri. Makina onse amafa tsiku lina. Musanapereke ndalama, dziwani amene adzabwere kudzakonza, masiku amene adzatenge, ndiponso ngati labala wa pachitseko, sefa ndi mavalavu zili pa shelefu yake kapena adzachita kuziitanitsa kutali.

Chachisanu ndi umboni. Tepi ya mizere imene imada ikatuluka m'makina imangonena kuti phukusilo linakumana ndi nthunzi, za mkati siidziwa. Umboni weniweni ndi kabotolo kokhala ndi timbewu ta Geobacillus stearothermophilus, bakiteriya wopirira kwambiri kutentha. Mumakaika pakati pa katundu, kakatuluka n'kukasunga pa madigiri 55 mpaka 60. Madzi ake akasanduka achikasu, timbewu tapulumuka, makina alephera. Bungwe la CDC, loona za kapewedwe ka matenda ku America, limalangiza kuyesa kotere kamodzi pa sabata, komanso ulendo uliwonse umene muli chitsulo chokaikidwa m'thupi la munthu. Makina amene simungathe kuwayesa musawagule.

EN 13060 imakhudza makina osafika malita 60, ndipo imawagawa m'mitundu itatu: N, S ndi B. Zilembozi zimangonena katundu amene makina angaphike, sizinena za kulimba kwake. Ku America sazigwiritsa ntchito kwenikweni, amasiyanitsa makina amene mpweya umatuluka wokha chifukwa cha kulemera kwake ndi amene amauchotsa mokakamiza. Mukapeza makina opanda chilembo, pemphani pepala la wopanga losonyeza katundu amene anawayesa naye.

## Mphika wa nthunzi

Ndi mphika waukulu wa aluminiyamu kapena chitsulo, wa chivundikiro chomanga ndi mabawuti, wokhala ndi geji, kavalavu kotulutsira mpweya ndi valavu yachitetezo. Ina imaikidwa pamoto wa gasi, palafini kapena makala, ina ili ndi chotenthetsera chamagetsi pansi pake.

Mtengo. Ndi wotsika kuposa mitundu yonse, pogula ndi posamalira pomwe. Chimene umadya kwambiri ndi nthawi ya munthu, chifukwa wina ayenera kukhala pafupi kuyang'ana geji ndi wotchi.

Kupezeka. Supereweza, ndipo zigawo zake n'zochepa moti mmisiri wodziwa ntchito za zitsulo ndi pulesha amaumvetsa mosavuta.

Kusamalira. Onani labala wa chivundikiro ngati wauma kapena wang'ambika. Miphika ina ilibe labala, chitsulo chimagwirana ndi chitsulo, ndipo m'mphepete mwake mumafuna kupaka mafuta pang'ono. Geji iyesedwe nthawi ndi nthawi, chifukwa geji yonama imapusitsa aliyense. Valavu yachitetezo isamatidwe ndi mchere.

Zoopsa. Chilichonse chili m'manja mwa wophikayo. Madzi akayamba kuwira, kavalavu kayenera kukhala kotsegula. Poyamba kamalavula, kamatsokomola, nthunzi ikutuluka modukizadukiza chifukwa idakali yosakanikirana ndi mpweya. Muyenera kudikira mpaka izituluka mosalekeza, n'kuisiya choncho kwa mphindi zimene buku la wopanga likunena, kenako n'kutseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Namwino amene odwala akumudikira amalakalaka kutseka msanga, ndipo geji imakwera bwinobwino ngakhale mpweya uli m'kati, palibe chomuchenjeza. Nthawi imayamba kuwerengedwa muvi ukafika pamalo ake, ndipo ukatsika panjira mumayambiranso. Maphukusi okulunga amafuna mphindi 30 pa 121. Pamalo okwera kwambiri, kumapiri, mpweya wakunja ndi wopepuka, choncho muvi uyenera kukwera kupitirira pang'ono kuti kutentha kufike 121. Kuumitsa n'kofooka, ndipo kutsegula chivundikiro muvi usanabwerere pa ziro kumawotcha nkhope ndi manja. Handpiece ndi machubu aatali opyapyala si za mphika umenewu.

## Mtundu N

Awa ndi makina apatebulo amagetsi. Nthunzi imadzaza chipinda chophikira, ndipo poti mpweya ndi wolemera kuposa nthunzi, umakankhidwa n'kutuluka pa valavu. Chilembo N chimaimira zida zosavala kanthu: zachitsulo, zopanda bowo, zosakulunga.

Mtengo. Mwa makina odziyendetsa okha, awa ndiwo otchipa. Alibe pampu, choncho zofa n'zochepa.

Kupezeka. Opanga ndi ambirimbiri, ndipo apa m'pamene pali msampha. Kunja kwake N amafanana ndi B: chitseko chozungulira, mathireyi, timagetsi towala. Ena amalembedwa kuti amaumitsa, ogula n'kuganiza kuti angaphikiremo zokulunga. Kuumitsa ndi nkhani ina, kutulutsa mpweya m'kathumba ndi nkhani inanso.

Kusamalira. Pukutani labala wa pachitseko tsiku lililonse ndi nsalu yonyowa, tsukani sefa ya pansi pa chipinda. Ambiri a mtundu uwu amabwezera madzi ogwiritsidwa kale ntchito m'thanki, choncho mafuta ndi zotsalira za pa zida zimaunjikana. Khuthulani thanki pomaliza ntchito, mawa muthire madzi atsopano.

Zoopsa. Makinawo pawokha ndi okhulupirika pa ntchito imene anapangidwira. Ngozi imabwera chipatala chikakula koma makina n'kukhala omwewo. Lero mwayamba kuzula mano ovuta, mawa mwagula timatumba, mkuja wina waponyamo handpiece poti malo analipo. Ndaonapo timatumba tikutuluka m'makina otere tili ndi timadontho mkati mwa pulasitiki, pepala lake lili lonyowa ngati lagwa m'beseni, wina n'kutiyanika pawindo. Pepala lonyowa limayamwa tizilombo kuchokera m'manja ndi patebulo kulowetsa mkati. Phukusi lotuluka lonyowa liyenera kuonedwa ngati losaphika, ngakhale tepi yake itada bwanji.

## Mtundu S

Chilembo S chimatanthauza kuti wopanga ndiye amanena zimene makinawo angaphike. N'chifukwa chake makina awiri olembedwa S akhoza kusiyana kutalitali. Ena ali ndi pampu yokoka mpweya kamodzi nthunzi isanalowe. Ena alibe pampu, amalowetsa nthunzi ndi kuitulutsa kangapo motsatizana mpaka mpweya utakokoloka. M'gulu lomweli muli makina a kaseti, amene zida zimaikidwa m'kabokosi kachitsulo kopyapyala n'kukankhira m'makina ngati dirowa. Poti kabokosiko n'kakang'ono ndipo kamatentha msanga, zida zosakulunga zimatha kutuluka mphindi 15 zisanakwane, kupatula nthawi youmitsa.

Mtengo. Ambiri ali pakati pa N ndi B, koma a kaseti a opanga odziwika amatha kufanana mtengo ndi B ngakhale amanyamula zochepa. Mumalipira changu.

Kupezeka. Sachuluka ngati N kapena B, ndipo masipeya ake, makamaka kaseti ndi labala wake, amakhala a wopanga mmodzi yekha. Wogulitsa wake akasiya malonda, mwatsala padzuwa.

Kusamalira. Labala wa kaseti amatha pakapita maulendo mazana angapo ndipo ayenera kusinthidwa asanayambe kutayitsa nthunzi. Makina a kaseti sagwirizana ndi madzi oipa, ambiri amangokana kuyamba.

Zoopsa. Kugula osawerenga. M'buku la S aliyense muli tebulo la katundu wololedwa: zokulunga kamodzi, zabowo lalifupi, handpiece, nsalu zochepa, ndi kulemera kwake. Chimene sichinalembedwe pamenepo, makinawo sanayesedwe nacho. Ngati wogulitsa akuti amaphika handpiece, akuonetseni pamene wopanga walemba zimenezo. Akalephera, aoneni ngati N.

## Mtundu B

B anapangidwa kuti achite patebulo zimene makina akuluakulu a m'zipatala amachita. Nthunzi isanayambe kuphika, pampu imakoka mpweya, nthunzi imalowa, pampu imakokanso, ndipo izi zimabwerezedwa kangapo, kawirikawiri katatu. Ulendo uliwonse mpweya wotsala umacheperachepera mpaka nthunzi italowa kumapeto kwa kanjira kopyapyala ndi pakati pa nsalu yopindidwa. Pomaliza pampu imakokanso chinyezi, katundu n'kutuluka wouma. Milu inayi ija yonse imalowa m'makina amenewa. Apatebulo ambiri amakhala a malita pakati pa 12 ndi 23.

Mtengo. Ndi okwera kuposa N ndi S ambiri, ndipo kugula ndi chiyambi chabe. Pali madzi otcheza, poti B ambiri amataya madzi a ulendo uliwonse osawabwezera. Pali timatumba ndi kamakina komatira, timapepala toyesera, sefa, ndi mmisiri wobwera chaka ndi chaka. Werengerani ndalama za zaka zisanu, osati za tsiku logula. Ngakhale zili choncho, kwa aliyense wogwiritsa ntchito handpiece tsiku ndi tsiku, ndimaona kuti ndalamazi sizipita pachabe. Handpiece ikamaima imatha kuyamwira malovu ndi magazi m'tinjira take, ndipo kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata kapena kuposerapo. Kupukuta kunja ndi mankhwala sikufika mkatimo. Iyenera kuphikidwa wodwala aliyense akachoka.

Kupezeka. Opanga ndi ambiri, a ku Ulaya ndi ku Asia, pa mitengo yosiyana kwambiri. B wotchipa amene mmisiri wake ali pafupi ndipo ali ndi masipeya m'manja ndimamusankha kuposa B wotchuka amene akafa amakhala miyezi iwiri akudikira kavalavu kamodzi. Chilembo B chomatidwa pachitseko si umboni, pemphani chikalata chosonyeza kuti makinawo akukwaniritsa EN 13060.

Kusamalira. Apa m'pamene B amafuna mwini wake wakhama. Kuwonjezera pa labala ndi thanki, pali sefa yotchinga mabakiteriya imene mpweya umadutsamo pobwerera m'chipinda ulendo ukatha. Ikada kapena ikakwanitsa maulendo ake, isinthidwe. Pali kuyesa ngati chipinda chikudontha mpweya, kumene makina amachita okha ali ozizira ndi opanda kanthu. Palinso kuyesa kwa m'mawa uliwonse musanaphike katundu woyamba. Kwa nsalu kuli kuyesa kwa Bowie-Dick, kumene kunafalitsidwa ku Britain mu 1963: pepala loikidwa pakati pa phukusi liyenera kusintha mtundu ponseponse mofanana, ndipo pakatsala kadera kotuwa pakati, ndiye kuti panali mpweya. Kwa zida zabowo kuli helix, kachubu kopyapyala kotalika mita imodzi ndi theka, ka bowo la mamilimita 2, kokulungidwa ngati njoka yogona, kotsekedwa mbali imodzi ndi kabotolo kokhala ndi kapepala. Nthunzi ikafika pa kapepalako n'kukasintha mtundu, ndiye kuti ifikanso mkati mwa handpiece. Matani kapepalako m'kaundula pamodzi ndi tsiku ndi dzina la woyesa. B ambiri amasindikiza kapena kusunga mbiri ya ulendo uliwonse, ndipo tsiku limene wodwala adzabwere ndi bala lotukusira, kaundulayo ndi amene adzakuyankhireni.

Zoopsa. Ali ndi pampu, masensa ndi ubongo wa kompyuta, zonsezi zimawonongeka ndi magetsi okwera ndi kutsika, choncho pamafunika chotetezera. Labala akangolowetsa mpweya pang'ono, B amasiya kukhala B, n'chifukwa chake kuyesa kwa m'mawa sikuyenera kudumphidwa. Koma choopsa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kudalira makina mopitirira. Autoclave siitsuka. Magazi ouma m'mano a mbaniro kapena simenti yomatirira pa chida cha mano zimatchinga nthunzi monga momwe mpweya umachitira. Zida zitsukidwe, zitsukuluzidwe, ziume, zotseka ngati masizasi zilowe zili zoyasamula. Handpiece ithiridwe mafuta ake, otsala atulutsidwe isanalowe m'kathumba. Timatumba tiimikidwe cham'mbali, osati kusanjikiza ngati mabuku, ndipo kulemera kwa katundu kusapitirire kumene wopanga analemba.

## Makina akuluakulu

Alipo amitundu iwiri imene siyenera kusokonezedwa. Yoyamba ndi autoclave yoimirira, yotsegula pamwamba, yooneka ngati mgolo. Yambiri imatulutsa mpweya mwa kulemera kwake basi, ndipo ndi yabwino mu labotale, pophika madzi omeretsera tizilombo ndi zinyalala zoopsa zisanatayidwe. Kukula kwake kusakunyengeni kuti ingaphike zabowo. Yachiwiri ndi chimakina chogona cha m'chipinda chophikira zida cha chipatala chachikulu, chimene ku Ulaya chimatsata muyezo wa EN 285. Kukula kwake kumawerengedwa ndi mabokosi a masentimita 30 m'lifupi, 30 msinkhu ndi 60 m'litali amene angalowemo.

Mtengo. Ndi waukulu, ndipo mbali ina imapita ku nyumba: magetsi a mawaya atatu, makina oyeretsera madzi, ngalande yopirira madzi otentha, pansi polimba, ndi njira yotulutsira kutentha m'chipinda.

Kupezeka. Amachita kuitanitsa, ndipo amabwera ndi akatswiri odzawaika ndi kuwayesa asanayambe ntchito.

Kusamalira. Pamafunika mgwirizano wolembedwa ndi kampani yokonza, ogwira ntchito ophunzitsidwa, ndi kuyendera kwa akatswiri oona za zotengera za pulesha monga malamulo a dziko lililonse amanenera. Pampu za ambiri zimamwa madzi ochuluka zedi.

Zoopsa. Chimakina chimodzi chikafa, opaleshoni yonse imaima. Makina awiri apakati amateteza bwino kuposa chimodzi chachikulu. Ubwino wa a zitseko ziwiri ndi woti zakuda zimalowera chipinda china, zoyera n'kutulukira china, osakumana.

Pali zina zimene zimagulitsidwa pambali pa ma autoclave koma sizilowa m'malo mwake. Kabati ya kuwala kwa UV imangofika pamene kuwala kwagunda. Uvuni wa kutentha kouma ndi wothandiza pa zida zochita dzimbiri msanga, ufa ndi mafuta, koma umatenga ola lathunthu pa madigiri 170 ndipo umawononga handpiece, labala ndi nsalu. Komanso ma endoscope opindika, machubu oonera m'kati mwa thupi, ambiri salowa mu autoclave, ndipo chida cholembedwa kuti n'chogwiritsa ntchito kamodzi chimatayidwa.

## Makina ati kwa yani

Chipatala cha mano, kaya n'cha mpando umodzi, chigule B. Ngati ndalama zakanika, S amene wopanga walemba kuti amaphika handpiece ndi zokulunga akhoza kugwira ntchito, bola tebulo la m'buku lake lifanane ndi zida zanu. Pa mpando umodzi kapena iwiri, makina a malita 17 kapena 18 amakwana. Mipando ikachuluka, ganizirani a malita 22 kapena 23, kapena awiri ang'onoang'ono. Kumene odwala amasinthana mofulumira ndipo mahandpiece ndi ochepa, makina a kaseti ndi mthandizi wabwino pambali pa B, koma asakhale okhawo.

Chipatala chaching'ono chotsuka mabala ndi kuchotsa ulusi, chimene zida zake ndi zachitsulo zopanda bowo ndipo zimagwira ntchito zikangotuluka, N amachikwanira. Dzifunseni moona mtima ngati m'zaka ziwiri zikubwerazi simudzayamba kusunga maphukusi. Ngati mudzayamba, kugula B lero kumaposa kugula kawiri.

Kumene amachiritsira amayi oyembekezera kapena kuchita opaleshoni yaing'ono, maphukusi ayenera kukhala okonzeka usiku ndi usana, ndipo muli nsalu ndi machubu. Apa ndi pa B wamkulu wapatebulo. Chipatala cha zipinda zingapo za opaleshoni chimafuna makina akuluakulu ogona, awiri ngati n'kotheka. Labotale itenge yoimirira, ndipo zinyalala zisaphikidwe m'makina amodzi ndi zida za odwala.

Kumene kulibe magetsi, kapena gulu la zaumoyo loyenda m'madera akutali, mphika wa nthunzi ndiwo njira, ndipo ukagwiritsidwa ntchito mwadongosolo umapha tizilombo ndithu. Ndalama zimene mwapulumutsa zipite ku kuphunzitsa anthu awiri kapena atatu, wotchi yolira, geji yosinthira, ndi timapepala toyesera toika mkati mwa phukusi lililonse.

Kumene magetsi alipo koma amazimazima, ndipo zida zanu zikufuna B, gulani B pamodzi ndi chotetezera magetsi, muonetsetse kuti jenereta yanu ingamunyamule, ndipo musunge mphika wa nthunzi wa tsiku latsoka. Mphikawo uziyatsidwa kamodzi pa mwezi, kuti labala wake aoneke ngati ali bwino ndiponso ogwira ntchito atsopano aphunzire kumva kulira kwa nthunzi imene yatha mpweya. Tsiku limene mukudalira mphika, ntchito yofuna handpiece idikire mpaka B atayambanso.